Kuseri kwa Chikalata Nambala 7

Lolemba m'mawa, Nthambi Yosunga Zolembedwa Zakale inalengeza kwa anthu onse, pa bolodi la pakhomo pake ndi m'nyuzipepala, kuti yagula chidindo chatsopano. Chilengezocho chinathokoza chidindo chakale chifukwa chotumikira dziko mokhulupirika kwa zaka makumi awiri, ndipo chinafotokoza kuti chatsopanocho n'cha chogwirira chamtengo, cha inki yofiirira, cholembedwa mawu akuti ZALANDIRIDWA. M'ndime yomaliza, ya zilembo zing'onozing'ono, Nthambi inawonjezera kuti zoyamba kudindidwa ndi chidindochi ndi mapepala a malemu wolemba mbiri ya mabungwe a apantchito, makatoni 41, amene mwana wa malemuyo wapereka ku boma. Mapepalawa, inatero Nthambi, asungidwa m'chipinda chawochawo, pa mashelefu achitsulo amene chiswe sichingakwere, kuti mibadwo ikubwerayi idzatunge nzeru pa chitsime chimenechi.

Mayi Zalakhumi anawerenga nkhaniyi ali pakhonde la nyumba ya mwana wawo wamkazi, kumene akhala chimwalirireni amuna awo. Anaiwerenga kawiri. Kenako anapinda nyuzipepala n'kuitana mwana wawoyo, amene ndi namwino, ndipo pa nthawiyi ankasita yunifomu m'nyumba.

"Iwe, kodi a boma akamadinda pepala amadinda mbali iti?"

"Mbali yolembedwa, amayi."

"Nanga likalembedwa uku ndi uku?"

"Amayi, ndachedwa kale ku ntchito. Mafunso a mayesowo tidzakambirana ndikaweruka."

Silinali funso la mayeso. Pa dziko lonse lapansi panatsala munthu mmodzi wodziwa zimene zili m'makatoni amenewo, ndipo munthuyo anali iwowo, chifukwa anazitaipa ndi manja awo kwa zaka makumi atatu ndi zinayi.

Dzina lakuti Zalakhumi anawapatsa ndi mayi awo owabereka. Mayiwo ankagwira ntchito pa fakitale yosoka matumba, ndipo makina anawadula zala ziwiri za dzanja lamanja kutatsala chaka kuti kuchitike sitalaka yaikulu. Patapita zaka, pakhomo pawo panafika bambo wina woonda, wa jekete loperepeseka m'zigongono, atanyamula kope ndi pensulo. Ankafuna kumva za sitalakayo. Kale anali mphunzitsi wa mbiri pa sukulu yaukachenjede, koma anamuchotsa ntchito chifukwa chouza ana a eni kuti fakitale iyenera kukhala ya anthu amene amakhetsa thukuta m'menemo. Akuluakulu ankamutcha wachikomyunizimu, ndipo mawuwa ankawatchula motsitsa ngati dzina la matenda ochititsa manyazi. Apantchito ankangoti aKomuredi.

Mayi aja anayankhula masiku atatu. Tsiku lachitatu anasuzumira m'kope la mlendoyo n'kupukusa mutu.

"Bambo, zimenezi adzawerenga ndani? Ngati papalasa nkhuku. Tengani mwana wangayu, waphunzira kutaipa. Ine ndatsala nazo zisanu ndi zitatu, koma uyu ali nazo zonse khumi."

Anayamba ntchito ali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, m'chipinda chakuseri kwa nyumba ya aKomuredi. Munali tebulo la mwendo umodzi waufupi lochirikizidwa ndi dikishonale, zenera loyang'ana pa mpanda wa aneba, ndi makina otaipira olemera ngati mwana wa ng'ombe. Chimene munalibe ndi pepala. Masiku amenewo pepala loyera linkasowa kuposa chilungamo, ndipo munthu wogula mapepala ambiri ankafunsidwa kuti akufuna kulembapo chiyani.

Koma panali pepala limodzi losasowa: Chikalata Nambala 7. Chikalatachi chinkaletsa apantchito kusonkhana oposa atatu popanda chilolezo, ndipo boma, pofuna kuti pasapezeke wonena kuti sanamve, linasindikiza makope ochuluka kuposa anthu odziwa kuwerenga. Anadzaza m'maofesi mpaka makalaliki kusowa poika mapazi. AKomuredi ankapita ndi njinga kuseri kwa maofesiwo n'kubwerako ndi mitolo. Kumaso kwa pepala kunali chizindikiro cha boma ndi mawu oletsa. Kuseri kunali mbee.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kotere. AKomuredi ankazungulira m'makomboni ndi kope lawo, kumva nkhani za osoka matumba, a panjanji, otsitsa katundu, ochapa m'mahotela, oumba njerwa. Akabwerako, mtsikana uja ankataipa zonse kuseri kwa Chikalata Nambala 7, n'kulemba nambala ya tsamba ndi pensulo pakona. Akamaliza, kope la pensulo lija linkapita pa mbaula. Masamba otaipidwawo ankawamanga ndi chingwe, chizindikiro cha boma chili pamwamba.

Apolisi anabwera kudzachita chipikisheni katatu. Katatu konse anang'amba matiresi, anagogoda makoma, anapisa manja m'thumba la mchere. Mitolo ija ankaiyang'ana, n'kuona chizindikiro, n'kuibwezera pamalo pake mwaulemu ngati anyamula khanda la bwana. Ulendo wachitatu mkulu wawo anafika povula chipewa.

"Anthu amakunenerani zoipa, bambo," anatero, "koma ine sindinaonepo nzika yokonda malamulo chonchi."

Pofuna kuti asabwerere chimanjamanja, anatenga wailesi ndi buku lina la kawetedwe ka njuchi.

Atachoka, aKomuredi anakhala pansi pa thonje la matiresi n'kuseka mpaka misozi. "Waona, mwana wanga? Munthu wa boma akaona chizindikiro cha boma, dzanja limauma. Satembenuza pepala."

Pofika pamene maso a aKomuredi anayamba kuchita mdima, anthu amene nkhani zawo zinalembedwa anali 312. Pa zonsezo anatulutsamo kabuku kamodzi kopyapyala. Kanaletsedwa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo nthawi yonseyo anthu ankabwerekana mobisa. Boma litasintha kanaloledwa, anthu n'kusiya kukawerenga. Buku lalikulu, limene ankati lidzagwedeza dziko, silinathe. Atamwalira, mwana wawo wamwamuna, injiniya wokhala kunja, anabwera ndi tchuthi cha masiku asanu. Anaika bambo ake m'manda, anagulitsa njinga, makatoni n'kupereka ku boma. Pamaliropo iye anapatsa Mayi Zalakhumi moni waulemu, koma sanawafunse kanthu. Kwa iye anali azakhali ena ake amene ankachita phokoso kuchipinda iye akufuna kugona masana.

Lachiwiri m'mawa Mayi Zalakhumi anavala diresi la kutchalitchi n'kukwera basi kupita ku Nthambi.

Nyumba ya Nthambiyo inali ya makonde aatali onunkhira polishi. Wotchi ya pakhoma inaima pa 4 koloko ya tsiku limene palibe amene ankalikumbukira. Kalaliki wa pakhomo anawalembetsa m'buku la alendo, mmene mlendo womaliza anali munthu wokonza magetsi, kenako anawalowetsa kwa Mkulu wa Nthambi. Mkuluyo anali bambo wa nkhope yosalala, wa mapeni atatu m'thumba la malaya. Chidindo chatsopano chinali pa tebulo pake, pa kansalu kakekake.

"Takulandirani, amayi. Ndinu achibale a malemu?"

"Ayi, bwana. Ndine wotaipa."

"Aa, pepani. Otaipa tinasiya kulemba kalekale. Masiku ano ndi makompyuta."

"Ntchito sindikuifuna, ndinaigwira kale. Ndabwera kudzaona makatoni."

Mkulu anasangalala, poti zinthu zoonetsa anali nazo. Anawatengera m'chipinda china chaching'ono n'kuwaonetsa makatoni awiri. Chilichonse m'menemo chinali ndi nambala: masatifiketi a sukulu, kalata yochotsedwa ntchito, magalasi othyoka mwendo, makadi a kuchipatala, chithunzi cha ukwati. Ngakhale chipeso chinali ndi nambala.

"Nanga enawo?"

"Enawo?" Mkulu anaseka pang'ono. "Malemu anali munthu wodabwitsa, amayi. Bwerani muone."

Makatoni 39 anali m'khonde, pafupi ndi khomo lakuseri, atasanjidwa pambali pa ndowa ndi zokolopera. Lililonse linalembedwa ndi inki yofiira: ZOBWEREZA.

"Makatoni onsewa, chikalata chimodzimodzi! Ife tili nacho kale, makope atatu, monga lamulo limanenera. Zotsalazi lole ibwera kudzatenga Lachisanu 9 koloko, zikawotchedwe."

Mayi Zalakhumi anagwada, mawondo akulira ngati nkhuni zouma, n'kumasula chingwe cha katoni loyamba. Mfundo yake anaizindikira, anaimanga okha. Anasolola pepala limodzi, analitembenuza, n'kulipereka m'mwamba.

Mkulu anawerenga. Anali mawu a munthu wina wotsitsa katundu, wofotokoza mmene ankagonera pansi pa mabogi a sitima podikira kuitanidwa ganyu. Anatenga lina, natembenuza. Anatenganso lina m'katoni lachiwiri. Thukuta linayamba kutuluka pamphuno pake. Sanali munthu woipa ayi, anali munthu woti chiyambire ntchito sanakhalepo ndi chifukwa chotembenuzira pepala.

"Nanga bwanji sananene?"

"Anamwalira, bwana."

"Inde, inde." Anapukuta nkhope. "Amayi, ndikuuzeni zoona. Fomu yowotchera yasainidwa ndi anthu asanu. Yadindidwa. Amene angaisinthe ndi komiti yokha, ndipo komiti ikumana miyezi itatu ikubwerayi."

"Moto ndi wa Lachisanu."

"Ndikudziwa. Koma ndikauletsa ndekha, ndiye kuti ndanena kuti anthu asanu analakwitsa, ndipo mmodzi mwa asanuwo ndi amene anandiika pa mpando uwu."

"Ndiye ndipatseni ine. Ndikasunga pansi pa bedi."

"Katundu wa boma sapatsidwa kwa munthu wamba. Amasungidwa kapena kuwotchedwa, njira ndi ziwiri basi. Komanso malamulo athu amati chikalata chimadziwika ndi mbali imene ili ndi chizindikiro. Kuseriko, pamaso pa lamulo, kulibe kanthu."

"Kuseriko kuli mayi anga. Katoni nambala 17."

Mkulu anayang'ana pansi, kenako pa wotchi yoima ija. "Lembani kalata, amayi. Tidzaidinda."

Mayi Zalakhumi anatuluka. Pamalo okwerera basi anakhala pa benchi, chikwama pamiyendo, basi ziwiri n'kudutsa osaziona. Mayi awo anamwalira kalekale, osasiya chithunzi, osasiya kalata, poti sankadziwa kulemba. Mawu awo onse amene anatsala pa dziko anali masamba khumi ndi anayi aja, ndipo anatsala ndi masiku atatu.

Ali chikhalire, zala zawo zinayamba zokha kuchita zimene zinazolowera. Anthu okalamba pa ntchito amatero: woyendetsa galimoto amaponda buleki ali m'tulo. Manja a Mayi Zalakhumi ananyamula pepala losaoneka n'kulilowetsa m'makina osaoneka. Tsono amene anagwirapo makina otaipira akudziwa kuti pepala limalowa mutu uli pansi, ndipo mbali imene ukufuna kulembapo imayang'ana kutali. Imene imakuyang'ana iwe ndi inayo. Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, tsamba lililonse lisanazungulire, mzere womaliza wa Chikalata Nambala 7 unkaima patsogolo pa mphuno yawo, chadodolido. Sanauwerengepo mwadala ngakhale kamodzi. Koma anapeza kuti akuudziwa ngati pemphero.

Basi yachitatu anaikwera, koma osati yopita kunyumba.

Holo ya bungwe la apantchito inali kuseri kwa msika wa zitsulo. Denga lake linali la malata a dzimbiri, mabenchi ake olembedwalembedwa ndi misomali. Masana aliwonse anthu opuma ntchito ankasonkhana pakhomo pake kusewera makadi ndi kutsutsana za matenda awo. Mtsogoleri wa mikanganoyo anali mlamu wawo wa Mayi Zalakhumi, mng'ono wa malemu amuna awo, amene anagwira ntchito panjanji zaka makumi anayi. Onse ankawatcha aMabuleki.

"Ee, alamu!" anakuwa aMabuleki atawaona. "Mwavala chonchi, mwaganiza bwino tsopano? Nyumba ndinakonza kale ine."

"Konzani kaye mano, alamu. Sunthani, ndikhale."

Anawafotokozera zonse: makatoni, inki yofiira, lole ya Lachisanu. Makadi anaikidwa pansi. Bambo wina amene kale ankaumba njerwa anati apite akathyole khomo. Mayi wina wochapa m'hotela anamufunsa kuti athyola ndi msana uti, poti dzulo lomweli analephera kudzuka pa benchi.

"Palibe chothyola," anatero Mayi Zalakhumi. "Tamverani izi." Anatseka maso n'kulakatula: "Nzika iliyonse yofuna makope a chikalatachi kuti ikagawire anzake ipatsidwe mwaulere ndiponso mosachedwetsa, pa ofesi iliyonse ya boma pamene chikupezeka."

"Zalembedwa pati zimenezo?"

"Pansi penipeni pa chikalatacho. Tizilembo tating'ono."

"Koma alamu, chikalata chimenecho si chinafa ndi boma lakale?"

"Anachipha ndani? Boma linasintha, tinavina mu msewu, nsapato zinatha. Koma munamvapo kuti wina wakhala pansi n'kulemba pepala lochichotsa?"

AMabuleki anakanda chibwano.

"Dikirani kaye. Ngati chikadali chamoyo, ndiye kuti ife pano tikuphwanya lamulo. Tilipo khumi ndi awiri."

"N'chifukwa chake tikapite atatuatatu."

AMabuleki anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, anzawo n'kuwamenya kumsana.

Lachitatu lonse uthenga unayenda, pa foni ndi pa miyendo, kwa amene anatsala mwa anthu 312 aja, ndi kwa akazi amasiye ndi ana a amene anapita. Lachinayi sakanachita kanthu, chifukwa Mkulu wa Nthambi anali ku hotela pa msonkhano wokambirana njira zofikitsira ntchito za boma kwa anthu. Panatsala Lachisanu lenilenilo.

Kalaliki wa pakhomo atafika kudzatsegula, anaima ndi makiyi m'manja. Msewu wonse, kuyambira pa geti mpaka pa mphambano, munali nkhalamba. Zinaima atatu apa, atatu apo, pakati pa gulu ndi gulu pali mapazi khumi oyezedwa bwino. Ena anabwera ndi mawilibala, ena ndi njinga, mayi wina ndi ngolo yokankhira ana imene adzukulu ake anaisiya atakula. Bambo wina wosaona anagwira phewa la mkazi wake. AMabuleki anavala chipewa chawo cha panjanji ndipo ankayenda uku ndi uku kukalipira aliyense woyandikira gulu la anzake.

"Bwererani, achimwene, mwakhala wachinayi! Mukufuna kutimangitsa?"

Mkulu anafika 8 koloko. Mayi Zalakhumi anali kutsogolo, pamodzi ndi mayi wochapa uja ndi mwana wawo namwino, amene anasinthana ntchito ndi mnzake kuti adzaone ndi maso ake.

"Amayi, ndinakuuzani kuti mulembe kalata. Zionetsero pano ayi."

"Si zionetsero, bwana. Tabwera kudzapempha Chikalata Nambala 7. Tikufuna tikagawire anzathu."

"Mukagawire anzanu chikalata choletsa misonkhano?"

"Anthu aiwala malamulo masiku ano, bwana," anatero mayi wochapa uja, nkhope ili gwa. "Akungosonkhana chisawawa."

Mayi Zalakhumi anapempha pepala limodzi la m'makatoni aja n'kuloza pansi pake. Mkulu anavala magalasi. Anawerenga, anavula magalasi, anawapukuta, anawerenganso. Kenako anatuma kalaliki kuti akayang'ane m'kaundula wa malamulo ochotsedwa.

Kalaliki anapita. Nthawi inayenda, ngakhale wotchi ya pakhoma sinavomereze. Dzuwa linakwera, nkhalamba zina zinakhala m'mawilibala awo. Nthawi itangotsala pang'ono kukwana 9 koloko, lole inalowa pa geti lakuseri, ndipo dalaivala, munthu wosunga nthawi kuposa aliyense m'boma lonse, anatsitsa chitseko chakumbuyo n'kuyamba kuliza hutala. Anyamata ake awiri ananyamula katoni loyamba. Mayi Zalakhumi anapita kukaima pakhomopo. Anangoima, chikwama chili m'khwapa, ndipo khomolo linali laling'ono.

"Agogo, tipatseni njira."

"Ndikupuma kaye, ana anga. Miyendo."

Anapuma mphindi makumi awiri. Kenako kalaliki anatulukira, fumbi lili m'tsitsi, buku lalikulu lili pachifuwa.

"Bwana, Nambala 6 inachotsedwa. Nambala 8 inachotsedwa. Nambala 7 sindikuipeza."

"Wayang'ana bwino?"

"Kawiri, bwana. Zikuoneka kuti anaidumpha."

Apa panachitika chinthu chimene anthu amene analipo amachikambabe. Nkhope ya Mkulu, imene inali itakwinyika chiyambire Lachiwiri, inayamba kuwala pang'onopang'ono. Anaitanitsa fomu yowotchera ija n'kuyendetsa chala pa mizere yake. Fomuyo inkati makope otsala awotchedwe. Sinanene kuti otsalawo akhale angati. Ngati nzika zapempha onse, ndiye kuti palibe chotsala, ndipo ngati palibe chotsala, anthu asanu aja sanalakwitse kanthu. Kuwonjezera apo, mu lipoti la pachaka la Nthambi munali danga lakuti "Zogawidwa kwa anthu," limene kwa zaka makumi awiri ankalembamo kamzere.

"Tulutsani tebulo panja," analamula. "Nzika zisachedwetsedwe."

Panabuka vuto limodzi lokha. Nthambi inalibe chidindo chotulutsira katundu, poti chikhazikitsireni sinatulutsepo kanthu. Chimene chinalipo ndi chatsopano chija, cholembedwa ZALANDIRIDWA. Mkulu anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagamula kuti popeza olandira ndi anthuwo, odinda akhalenso iwowo. Anachinyamula ndi manja awiri n'kuchipereka kwa Mayi Zalakhumi.

Anadinda maulendo 39. Gulu lililonse la atatu linkafika, kusaina kapena kuika chala, iwo n'kumenya chidindo pa katoni, phaa, ndi mphamvu ya dzanja limene linamenya makina olemera zaka zonse zija. Katoni nambala 17 sanalipereke kwa wina. Analidinda n'kuuza mwana wawo kuti alisenze.

Dalaivala wa lole anakana kubwerera wopanda kanthu, chifukwa naye anali ndi fomu yake. Anamupatsa mpando wothyoka ndi makalendala a zaka zisanu zapitazo.

Pobwerera, za atatuatatu zinaiwalika asanafike n'komwe pa mphambano. Mawilibala anadzaza msewu, wina anayambitsa nyimbo ya pa sitalaka ija, ndipo anapeza kuti mawu ake akuwakumbukira onse, kupatula ndime yachiwiri imene aliyense anaimba yake. Wapolisi wa pamsewu, mnyamata woti pa nthawi ya sitalaka ngakhale bambo ake anali asanabadwe, anaona chizindikiro cha boma pamwamba pa katoni lotseguka n'kuimitsa magalimoto kuti adutse.

Ku holo anasanja makatoni pa mabenchi n'kuyang'ana manambala a pensulo aja. Palibe tsamba limene linasowa. Anthu sanafune kupita kwawo, ndiye anayamba kumasula mitolo n'kumawerenga mokweza, aliyense kufunafuna wake.

Za aMabuleki zinapezeka m'katoni lachisanu ndi chinayi. Kwa zaka zambiri bamboyu ankauza aliyense womumvera kuti tsiku loyamba la sitalaka anaimitsa sitima yekha, ataima pakati pa njanji. Woumba njerwa uja ndiye anawerenga: "Tsiku loyamba ndinachita mantha, ndinabisala m'chimbudzi cha pa siteshoni mpaka madzulo. Ndinatuluka tsiku lachiwiri, nditamva kuti akazi a ku matumba ali kale mu msewu."

"Bodza!" anakuwa aMabuleki. "Alamu, munataipa molakwika!"

"Ine sindinkalakwitsa, alamu. Funsani apolisi."

"Chabwino, koma tsiku lachiwirilo ndinatuluka. Werenga pamenepo! Werenganso!"

Anawerenganso, holo yonse ikugwa ndi kuseka, ndipo aMabuleki anaimirira n'kuvula chipewa ngati akulandira mendulo.

Kenako Mayi Zalakhumi anamasula katoni lawo. Masamba khumi ndi anayi aja anali achikasu m'mbali, zilembo zake zosalunjika bwino, poti inali ntchito yawo yoyamba. Anayesa kuwerenga, koma analekera pa mzere woyamba. Anapatsira mwana wawo. Namwinoyo, amene agogo akewo anawadziwa ali wamng'ono kwambiri, anaimirira n'kuwerenga.

"Tsiku limene makina anadya zala zanga, kapitawo anati ndimalize kaye thumba. Ndinalimaliza. Analikana chifukwa linali ndi magazi. Pa sitalaka ine ndinkayenda kutsogolo, dzanja lili m'mwamba. Anthu amati ndinali wolimba mtima. Ayi, mawondo ankagundana. Koma anzanga anati, iwe tsogola, aliyense woima m'mbali mwa msewu awerenge yekha zalazo."

Namwino analeka kaye. M'holo munalibe wotsokomola, chinthu chosachitikachitika pa gulu la msinkhu umenewo.

"Pitiriza," anatero Mayi Zalakhumi. "Kutsogoloko akutukwana kapitawo. Ndinataipa zonse."

Patatha mwezi, bungwe linakonza mwambo wotsegulira malo owerengera, ndipo Mkulu wa Nthambi anabwera monga mlendo wolemekezeka. Anayankhula mphindi makumi anayi. Anati zimene zachitikazi ndi chipatso cha ndondomeko yatsopano ya Nthambi yobwezera mbiri kwa eni ake, ndondomeko imene iye anaiganizira kwa nthawi yaitali. Anthu anaomba m'manja, poti anali atawaphikira tiyi. Pomaliza analonjeza kuti mashelefu achitsulo aja, asanu ndi limodzi, atumizidwa ku holoyo mwezi usanathe.

Masiku ano Mayi Zalakhumi amapezeka ku holo Lachiwiri ndi Lachinayi. Amakhala pa tebulo la pakhomo ndi buku lawo la alendo, limene ladzaza kale theka. Kumabwera ana a sukulu yaukachenjede, ena ochokera m'kalasi momwe aKomuredi anachotsedwa. Kumabweranso anthu wamba ofuna kumva mawu a bambo awo kapena azakhali awo. Aliyense akapatsidwa mtolo amayamba wayang'ana chizindikiro cha boma modabwa, ndipo mayiwo amamusiya kaye pang'ono, kuti aone ngati ali ndi nzeru. Akaona kuti zakanika amati, "Tembenuzani."

Makatoni akadali pa mabenchi. AMabuleki anaika mwendo uliwonse wa benchi m'chitini cha oilo wakutha wa injini, monga ankachitira ndi makabati a pa siteshoni, ndipo amayendera zitinizo m'mawa uliwonse ngati dokotala.

Mashelefu sanafike. Chimene chinafika kuchokera ku Nthambi, patatha miyezi isanu ndi iwiri, ndi kalata yodindidwa bwino, yopempha bungwe kuti lithandize ndi makope atatu a Chikalata Nambala 7. Makope a ku Nthambi aja anadyedwa ndi chiswe.